Namondwe Akadutsa: Mbiri ya Kudzidalira ndi Thandizo la Boma m'Dziko la America

Chaka chiri chonse, kuyambira mwezi wa June kufikira November, pa nyanja yaikulu ya Atlantic pamabadwa anamondwe amene amakagwera pa zilumba za Caribbean ndi pa magombe a kummwera ndi kuvuma kwa dziko la United States of America. Eni dzikolo amawatcha hurricane, koma mtundu wake ndi womwewo wa anamondwe ochokera ku nyanja ya Indian Ocean amene amalowa ku Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe. Mphepo ikaleka, madzi nkuphwa, pamatsala funso limene anthu a ku America akhala akulimbana nalo zaka zoposa 130: kodi woyenera kudzutsa zimene zagwa ndani? Ena amati munthu ndi banja lake, pamodzi ndi anansi ndi mpingo wake, ayenera kudziimira okha, pakuti wozolowera kulandira manja ake amalefuka. Ena amati boma limene limatolera msonkho pa masiku a mtendere liyenera kuoneka pa tsiku la tsoka.

Njira ziwiri zonsezi zinayesedwa m'dzikolo, ina zaka zambiri ndithu, ndipo iriyonse ikakhala payokha inasiya anthu m'madzi. Nkhani ino ikulondola m'mene zinayendera kuyambira 1887, ndi malo amene mipingo inadzipezera pakati pa mkanganowo.

Chiphunzitso cha Cleveland

M'zaka za m'ma 1800 boma lalikulu la ku Washington linalibe lamulo lokhazikika la za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tsoka likagwa, aphungu a nyumba ya malamulo yotchedwa Congress ankakambirana za tsoka lomwelo, pena kupereka, pena kukana. Kuyambira 1803, pamene anapatsa amalonda a mumzinda wa Portsmouth nthawi yoonjezera yolipirira misonkho yao mzindawo utapsa ndi moto, kufikira 1950, Congress inapanga malamulo otere oposa 100. Tsono kuthandizidwa kwa dera kunkatsamira pa mphamvu ya aphungu ake ndi pa mtima wa olamulira a chaka chimenecho.

M'chaka cha 1887 chilala chinaononga minda ku Texas, ndipo Congress inavomera kupereka madola 10,000 ogulira mbeu za alimi. Pulezidenti Grover Cleveland anakana kusaina. Iye anati malamulo aakulu a dziko sapatsa boma mphamvu yotenga ndalama za anthu onse nkuthandizira mavuto a anthu ena paokha; kuti udindo wa nzika ndi kuchirikiza boma, osati boma kuchirikiza nzika; ndiponso kuti thandizo la boma limaphunzitsa anthu kuyembekeza, nilizimitsa chifundo chimene anansi amachitirana. Cleveland sanali kunena kuti ovutikawo afe ndi njala ai. Iye ankakhulupirira kuti anthu akufuna kwabwino adzakwanitsa okha ntchitoyo. Patangopita zaka 6, chiphunzitso chimenechi chinakumana ndi namondwe.

Zilumba za Sea Islands, 1893

Usiku wa pa 27 August 1893 namondwe anagwera pa zilumba zazing'ono za m'mphepete mwa South Carolina ndi Georgia. Zilumbazo nzotsika kwambiri, motero madzi a m'nyanja anakwera nazimiza. Anafa anthu pakati pa 1,000 ndi 2,000, ndipo pafupifupi 30,000 anatsala opanda nyumba ndi chakudya. Ochuluka mwa iwo anali anthu akuda amene anamasulidwa ku ukapolo zaka 30 m'mbuyomo, pamodzi ndi ana ao.

Anthu amenewa sanali opemphetsa. Ambiri anali atagula timinda tao ndi ndalama za thukuta lao, nalima thonje, chimanga ndi mbatata. Ena ankagwira ntchito yokumba miyala ya fetereza yotchedwa phosphate m'mitsinje. Ngati panali anthu odzidalira m'dziko la America, anali amenewa. Koma namondwe anabwera zokolola ziri pafupi kulowa m'nkhokwe. Madzi amchere analowa m'zitsime ndi m'minda, ngalande zinakwiririka, ndipo makina ndi mabwato a phosphate anasweka, kotero kuti ntchito ya malipiro inatha. Mnansi sakanatha kuthandiza mnzake popeza onse anali atataya zofanana.

Congress sinapereke ndalama, ngakhale kuti nthambi zina za boma zinathandizapo ndi zinthu zochepa monga mbeu ndi ngalawa zonyamulira katundu. Komanso 1893 chinali chaka cha mavuto a zachuma m'dziko lonselo, mabanki ambiri atatsekedwa, ndipo zopereka za anthu zinali zoperewera. Bwanamkubwa wa South Carolina, Benjamin Tillman, anapempha bungwe la American Red Cross kuti lisenze ntchitoyo. Mtsogoleri wake, mai Clara Barton, amene analiyambitsa mu 1881, anakakhazikika ku Beaufort m'mwezi wa October ali ndi zaka 71, nakhala kumeneko pafupifupi miyezi 10.

Chakudya chimene ankagawa chinali chochepa modabwitsa: misere ya chimanga ya malita pafupifupi 9 ndi paundi imodzi ya nyama ya nkhumba kwa banja la anthu 7 pa sabata lathunthu. Koma mai Barton sanaime pa kugawa. Anasankha makomiti a eni dera omwewo kuti alembe maina a mabanja ndi kuyang'anira kagawidwe. Amuna amene ankakumba ngalande ndi kumanga nyumba za anzao ankalandira chakudya choonjezera. Makasu, mafosholo ndi nkhwangwa ankazibwereketsa, ntchito ikatha zipite kwina. Amai anapanga magulu osoka, nasandutsa zovala zakale zimene zinkatumizidwa kukhala zoti nkuvalika. Ngalande za makilomita mazana angapo zinatsegulidwanso, madzi amchere anatuluka m'minda, ndipo mu 1894 anthu anakololanso.

Okonda kudzidalira amaloza ku Sea Islands nkunena kuti anthu anadzuka popanda ndalama za boma. Izi nzoona, pakuti manja amene anakumba ngalande anali a eni zilumba. Koma mbeu, matabwa, misomali ndi misere zinachokera kunja, zinabwera mochedwa, ndipo zinali zochepa. Anthu anapirira nyengo yonse yozizira ndi njala ndi malungo. Dziko lolemera linasiya anthu 30,000 m'manja mwa mai wokalamba ndi antchito ake owerengeka, ndipo nkovuta kuganiza kuti khungu la ovutikawo silinakhudze kuchedwako.

Galveston ndi Okeechobee

Pa 8 September 1900 namondwe anakantha mzinda wa Galveston ku Texas, umene unali pa chilumba cha mchenga ndipo unali ndi anthu ngati 37,000. Malo okwera koposa mumzindamo sankafika mamita 3 pamwamba pa nyanja, pamene madzi anakwera mamita oposa 4. Nyumba zokwana 3,600 zinagwa, ndipo anafa anthu osachepera 6,000, mwina kufika 12,000 powerenga ndi a kumtunda komwe. Pa nyumba ya ana amasiye ya St Mary's panafa masisitere 10 ndi ana 90. Anapulumuka anyamata atatu okha. Palibe tsoka lina lachilengedwe limene linaphapo anthu ochuluka chotere m'dzikolo.

Mawa lake lomwelo akuluakulu a mzinda anakhazikitsa komiti yothandiza ovutika, naigawa ntchito dera ndi dera. Asilikali a boma anabweretsa mahema ndi chakudya. Zopereka zoposa madola 1 miliyoni zinafika kuchokera m'mizinda ina ndi maiko akunja. Mai Barton anabweranso, ali ndi zaka 78, ndipo mwa zina anagulira alimi a kumtunda mbande za zipatso za strawberry zokwana 1.5 miliyoni kuti apeze chogulitsa msanga. Pa masiku oyambawo panachitikanso choipa chimene mbiri siinachibise: amuna akuda anakakamizidwa ndi mfuti kuti anyamule mitembo.

Pambuyo pake anthu a ku Galveston anachita ntchito imene imatchulidwabe mpaka lero. Pakati pa 1902 ndi 1904 anamanga khoma la konkire lotchinga nyanja, lotalika mamita 5 kupita m'mwamba ndi makilomita oposa 5 m'litali, ndi ndalama za ngongole imene boma la dera lao linatenga. Kenaka anakweza mzinda weniweniwo. Nyumba zoposa 2,000 anazitukula ndi majeki, napopera mchenga wa m'nyanja pansi pake. Tchalitchi chachikulu cha St Patrick's nachonso chinatukulidwa. Mwini nyumba aliyense ankalipira yekha kutukula nyumba yake. Mu 1915 kunabwera namondwe wina wamphamvu, khomalo linaima, ndipo amene anafa mumzindamo anali owerengeka.

Galveston amatchulidwa monga chitsanzo cha kudzidalira, komatu mzindawo unali doko lolemera la malonda a thonje, lokhala ndi mabanki ndi anthu oti nkukongozedwa ndalama. Ndiponso nyumba ya malamulo ya Texas inalola kuti msonkho umene ukanapita ku boma la chigawo utsale komweko zaka zambiri polipirira ntchitoyo. Chimene ankachitcha kudzidalira chinali msonkho ndi ngongole ya anthu onse, kungoti boma lake linali la pafupi.

Kumene kunalibe chuma chotere zinthu zinayenda mwina. Mu September 1928 namondwe anakankha madzi a nyanja ya Okeechobee ku Florida, nagumula kakhoma ka dothi kamene kanatchinga minda ya kummwera kwake. Anafa anthu osachepera 2,500, ambiri mwa iwo aganyu akuda a m'minda ya ndiwo zamasamba, ena ochokera ku zilumba za Bahamas. Mitembo 674 ya anthu akuda inakwiriridwa m'dzenje limodzi ku West Palm Beach, pamalo pamene panakhala zaka zambiri popanda chizindikiro. Aganyu sakanatha kumanga khoma lozinga nyanja yaikulu chotero, ngakhale akanagwirizana motani. Mu 1930 Congress inalamula akatswiri a zomangamanga a gulu lankhondo, a Army Corps of Engineers, kuti amange khoma lolimba, limene pambuyo pake linatchedwa Herbert Hoover Dike.

Boma lilowa, mipingo ikonzeka

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1950, pamene Congress inapanga lamulo loyamba lokhazikika la za ngozi. Bwanamkubwa wa chigawo akapempha, pulezidenti anali ndi mphamvu yolengeza tsoka lalikulu ndi kutumiza thandizo osayembekeza aphungu. Poyamba ndalamazo zinali zokonzera miseu, milatho ndi nyumba za boma. Kudyetsa ndi kusunga mabanja kunali kukadali m'manja mwa Red Cross ndi mipingo. Koma namondwe aliyense wamkulu ankakankhira malirewo patsogolo. Betsy atamiza mbali ina ya New Orleans mu September 1965, Pulezidenti Lyndon Johnson anafika mumzindamo mawa lake, ndipo chaka chomwecho Congress inalamula kuti Army Corps of Engineers amange makoma oteteza mzindawo. Mu 1968 boma linayambitsa inshuwalansi ya madzi osefukira, popeza makampani ankaikana. Camille atasakaza gombe la Mississippi mu August 1969, panamveka madandaulo akuti osauka ndi anthu akuda akudumphidwa pogawa thandizo. Aphungu anafufuza, ndipo malamulo a 1970 ndi 1974 anatsegula njira yothandizira mabanja mwachindunji. Mu 1979 Pulezidenti Jimmy Carter anasonkhanitsa nthambi zosiyanasiyana kukhala bungwe limodzi lotchedwa FEMA, ndipo lamulo la Stafford la 1988 linakhazikitsa kuti boma lalikulu lizilipira magawo osachepera 75 pa 100 a ndalama zokonzera zinthu za anthu onse.

Cleveland ankaopa kuti boma likalowa chifundo cha anansi chidzazima. Chodabwitsa nchakuti m'zaka zomwezi ndi pamene mipingo inakonza ntchito yake yothandiza pa ngozi kuposa kale lonse. Mu 1950 akhristu a mpingo wa Mennonite ku Hesston, m'chigawo cha Kansas, anayamba kukambirana m'magulu ao a Sande sukulu za m'mene angatumikirire anthu pa masiku a mtendere. Iwo anali ndi mwambo wakale womangirana nkhokwe ndi makola mwa chigwirizano, wofanana ndi dima wa m'midzi ya Achewa. M'zokambiranazo munabadwa bungwe la Mennonite Disaster Service, limene ntchito yake ndi kuchotsa matope, kufolera ndi kumanganso nyumba za okalamba, olumala ndi amasiye. Mu 1967, namondwe Beulah atagwa ku Texas, amuna a mpingo wa Baptist anapita kukaphikira ovutika pa timbaula ta zitini, ndipo ntchito imeneyi inakula kufikira kukhala ndi magalimoto akuluakulu okhala ndi makhitchini ophikira anthu zikwi zambiri pa tsiku.

Camille anaphunzitsanso mabungwewa kuti chifundo chopanda dongosolo chimataya mphamvu: mudzi wina unkalandira kawiri, wina osalandira konse. Chifukwa cha ichi, mu 1970 mabungwe 7, ambiri mwa iwo a mipingo, anapanga mgwirizano wotchedwa National Voluntary Organizations Active in Disaster kuti azigawana ntchito tsoka lisanagwe. Kulowa kwa boma sikunachotse mipingo pa ntchito. Kunaimasula ku mtolo wa milatho ndi miseu, niikhala ndi mphamvu yoyang'ana khomo ndi khomo.

Komabe mbali ina ya mantha a Cleveland inaoneka. Pozindikira kuti kuli inshuwalansi yotsika mtengo ndi thandizo la boma, anthu ndi makampani anamanga nyumba zochuluka m'magombe ndi m'madambo mmene makolo ao sankamanga, ndipo nyumba zina zinamira ndi kumangidwanso kangapo ndi ndalama za msonkho. Anthu anazoloweranso kuganiza kuti boma lidzafika tsiku lomwelo. Andrew ataphwasula tauni ya Homestead ku Florida pa 24 August 1992, panapita masiku atatu thandizo lalikulu lisanaoneke, mpaka mkulu woona za ngozi m'deralo, mai Kate Hale, anafunsa poyera pamaso pa atolankhani kuti boma la ku Washington liri kuti.

Katrina, 2005

Pa 29 August 2005 namondwe Katrina anafika pa gombe la Louisiana ndi Mississippi. Dzulo lake meya wa New Orleans, Ray Nagin, anali atalamula kuti anthu onse atuluke mumzinda, ndipo ambiri anatulukadi pa magalimoto ao. Koma banja limodzi mwa mabanja anai alionse linalibe galimoto, kunali kumapeto a mwezi ndalama zitatha m'matumba, ndipo panalibe dongosolo lokwanira lonyamula okalamba ndi odwala. Dongosolo lothawira linakonzedwa ngati kuti munthu aliyense ali ndi njira yodzipulumutsira yekha.

Tsono makoma amene boma linalamula kuti amangidwe mu 1965 anagumuka m'malo oposa 50, ena mwa iwo madzi asanafike pa msinkhu umene anawakonzera. Magawo 80 pa 100 a mzindawo anamira. Anthu zikwi makumi angapo anaunjikana m'bwalo la masewera la Superdome ndi m'nyumba ya misonkhano kwa masiku angapo, madzi akumwa ndi chakudya zikuperewera, pamene meya, bwanamkubwa ndi akuluakulu a ku Washington ankalozana zala. Mkulu wa FEMA, Michael Brown, anatula pansi udindo pa 12 September. Chiwerengero cha akufa, monga chinaunikidwanso mu 2023, chinali 1,392.

Opulumutsa oyamba anali anansi, ndi asodzi ndi alenje a m'madambo a Louisiana amene anabwera ndi mabwato ao mazana angapo. Koma pa masiku omwewo asilikali a panyanja a Coast Guard, amene ndi a boma, anapulumutsa anthu oposa 33,000 ndi mabwato ndi ndege za helikopita. M'sabata ziwiri zoyamba Congress inavomereza madola oposa 60 biliyoni, ndalama zimene mipingo yonse ya dzikolo pamodzi siikanazisonkha. Kagwiritsidwe kake kanali ndi zilema. Tinyumba tamateyala timene FEMA inapereka tinapezeka ndi mpweya wa mankhwala a formaldehyde wodwalitsa anthu. Pa dongosolo lomangiranso nyumba lotchedwa Road Home, ndalama zinkawerengedwa potsata mtengo umene nyumba ikanagulitsidwa namondwe asanadze. Popeza nyumba za m'madera a anthu akuda zinali zotsika mtengo pa msika, eni ake ankalandira zochepa chonsecho simenti ndi matabwa mtengo wake unali umodzi. Nkhaniyi inakafika ku khoti ndipo inatha ndi mgwirizano mu 2011. Mabowo otere ndi amene magulu a mipingo anakhala akutseka zaka zambiri, kuphika chakudya cha anthu mamiliyoni ndi kumanga nyumba imodziimodzi.

Parishi ya Mary Queen of Vietnam

Kuvuma kwa New Orleans kuli dera la Village de l'Est, kumene kunakhazikika anthu othawa kwao ku Vietnam kuyambira 1975. Moyo wao unazungulira pa tchalitchi cha Katolika cha Mary Queen of Vietnam. Parishiyo inali yogawidwa m'timagawo, kalikonse ndi mtsogoleri wake wodziwa mabanja onse a m'kagawo kake. Madzi atakwera, tchalitchi chinasunga amene analephera kuthawa. Anthu atamwazikira ku Texas, Arkansas ndi kwina, wansembe wao, Bambo Vien Nguyen, anayendera malo amene anasungidwako, nalemba kumene banja lirilonse linali.

Mu October 2005, mbali zambiri za mzinda zikadali zopanda anthu, iwo anayamba kubwerera ndipo Misa inayambiranso. Anakonza nyumba zao mosinthana, lero ya uyu mawa ya uyo, tchalitchi chiri malo ogawira chakudya ndi zipangizo. Koma magetsi sakanadzipangira okha. Kampani ya magetsi itakayika ngati m'deralo muli anthu okwanira, parishi inapereka mndandanda wa maina mazana angapo a amene anabwerera, ndipo magetsi analumikizidwa. Mu 2006 akuluakulu a mzinda anatsegula dzala lalikulu la zinyalala za namondwe pafupi ndi nyumba zao. Okalamba ndi achinyamata a parishiyo anachita zionetsero, napita ku khoti ndi ku khonsolo ya mzinda, mpaka dzalalo linatsekedwa mu August chaka chomwecho. Dera limeneli linali limodzi mwa madera amene anthu ake anabwerera msanga ndi mochuluka.

Anthu a ku Village de l'Est sanakhale pansi kuyembekeza boma, komanso sanalimasule ku udindo wake. Mphamvu imene anafolerera nayo nyumba zao ndi yomweyo imene anagogodera nayo pa zitseko za maofesi, ndipo maziko ake anali chinthu chaching'ono: kaundula wa maina amene analipo namondwe asanabwere.

Mkangano sunathe

Pambuyo pa Katrina boma linamanganso makoma ndi zipata za madzi za New Orleans ndi madola oposa 14 biliyoni, ndipo pamene namondwe Ida anafika pa 29 August 2021 makomawo anaima. Koma ku chilumba cha Puerto Rico, Maria atagwa mu September 2017, madera ena anakhala pafupifupi miyezi 11 opanda magetsi, ndipo akufa anawerengedwa 2,975, ambiri mwa iwo m'miyezi yotsatira chifukwa chosowa chithandizo cha kuchipatala. Mu 2025 Pulezidenti Donald Trump anakhazikitsa komiti younika ntchito za FEMA, nanena kuti akufuna kuti mtolo waukulu ubwerere ku maboma a zigawo. Funso la Cleveland linabweranso patapita zaka 138.

Pa zonse zimene zalongosoledwazi pakuoneka ntchito za mitundu iwiri. Khoma la Galveston, khoma la Okeechobee, helikopita, kuchenjeza anthu namondwe akadali kutali, ndi chilungamo pa kagawidwe ka ndalama, ndi ntchito zimene banja kapena mpingo sungazithe. Kudziwa kuti m'nyumba iti muli nkhalamba yosayenda, kufika pa ola loyamba, ndi kukhalapobe chaka chachitatu atolankhani atapita, ndi ntchito zimene boma silinazichitepo bwino. Mau akuti kudzidalira akatuluka m'kamwa mwa ovutika eni ake, monga pa ngalande za Sea Islands, amadzutsa mudzi. Akatuluka m'kamwa mwa olamulira, kawirikawiri akhala njira yosambira m'manja, ndipo amene amalipira ndi osauka.

Maiko a kuno kummwera ndi pakati pa Africa alibe mabiliyoni a ku Washington, koma funso ndi lomwelo. Ku Malawi lamulo loyamba la za ngozi, la 1991, linapangidwa madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zitapha anthu mazana ku Phalombe mu March chaka chimenecho, monganso malamulo a ku America ankatsata pambuyo pa maliro. Idai anasakaza Beira ndi Chimanimani mu March 2019. Freddy, mu March 2023, anagumula mapiri a Soche ndi Mulanje. Akufa ndi osowa m'Malawi anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasiya nyumba zao, ambiri nakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ku Chilobwe oyamba kufukula anzao m'matope anali anansi ndi makasu ao. Koma milatho, miseu ndi malo atsopano okhalamo amene anamanga m'munsi mwa mapiri zinayembekeza boma ndi maiko othandiza.

Mpingo uli kale ndi chimene parishi ya ku New Orleans inapulumukira nacho: milaga ndi magawo, akulu ampingo ndi atumiki odziwa khomo lirilonse, chigwirizano cha amai, ndi buku la maina. Mbiri ya ku America ikusonyeza kuti zinthu zimenezi zimathandiza ngati zakonzedwera ntchitoyi mvula isanayambe: kudziwiratu amene adzafunike kunyamulidwa, kugwirizana ndi mipingo ina ndi makomiti a boma a m'dera za amene adzachite chiyani, ndi kusunga kaundula woona amene angaikidwe pa tebulo la bwanamkubwa pamene thandizo likugawidwa. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Nyengo ya anamondwe kumbali ino ya nyanja ya Indian Ocean imayamba mu November chaka chiri chonse.